Mbiri ya Thumba la Matenda ndi Nyengo Yolembetsa

Munthu akalowa m'chipatala cholipira mu mzinda wa Blantyre, kaya ndi ku Mwaiwathu kapena ku Adventist, amaona anthu a mitundu iwiri pa zenera la mlembi. Ena amapisa m'thumba natulutsa ndalama. Ena amatulutsa kakhadi kolembedwa dzina ndi nambala, ndipo mlembi akakayang'ana amawauza kuti akhale pa benchi adikire dotolo. Kakhadi kameneka kamasonyeza kuti mwini wake ali m'bungwe limene anthu amasonkhamo ndalama mwezi ndi mwezi, kuti wina akadwala bungwelo limlipirire. Ambiri amati inshuwalansi ya zaumoyo, koma m'nkhani ino lidzatchedwa thumba la matenda, pakuti ndi thumba ndithu.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa anthu, ndipo ena chimawapsetsa mtima. Munthu amene walembetsa lero sangapite mawa kukachitidwa opaleshoni ndi ndalama za bungwe. Amauzidwa kuti ayambe wadikira miyezi yakutiyakuti. M'maiko ena muli ngakhale tsiku lotsekera kalembera, ndipo wochedwa amadikira chaka chamawa. Kodi lamulo louma chotere linachokera kuti? Kuti wowerenga alimvetse ayenera kubwerera m'mbuyo, mzinda uno usanamangidwe.

Za kumudzi ndi za m'tauni

M'midzi ya Mfumu Kapeni, pamene pali Blantyre lero, munthu akadwala inali nkhani ya mbumba yonse. Mwini mbumba ndiye ankafuna sing'anga, napereka nkhuku kapena mbuzi. Alongo ankasinja ndi kuphika phala, ndipo munda wa wodwalayo anzake ankaulima. Panalibe kulembetsa, chifukwa munthu ankalowa m'gulu limeneli tsiku limene wabadwa. Komabe lamulo linalipo, ngakhale silinalembedwe. Amene sankaoneka pa matenda ndi pa maliro a anzake, tsiku lake likafika anthu ankabwera mokoka miyendo. Akulu ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu ankayamba kupereka asanalandire.

M'chaka cha 1876 amishoni a ku Scotland anamanga pafupi ndi phiri la Ndirande. Anabwera ndi mankhwala awo, ndipo mu 1896 kunafika Dotolo Neil Macvicar, amene anayendetsa chipatala cha pa Mishoni naphunzitsa anyamata a m'dziko muno ntchito ya udotolo. Mmodzi mwa ophunzira ake anali John Gray Kufa, yemwe uja anaphedwa ndi Boma la Azungu mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Ndalama zambiri zoyendetsera chipatalacho zinkachokera kwa Akhristu a kutsidya kwa nyanja, choncho wodwala wa pa Mishoni ankathandizidwa ndi thumba limene eni ake sanawaonepo.

Mzinda unayamba kukula. Sitima ya pamtunda inafika mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inatsegula nyumba zake ku Limbe. Anthu anachoka ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Ntcheu ndi kudziko la Apwitikizi kudzafuna ntchito. Apa mpamene panaonekera vuto latsopano. Wantchito wa masiku amenewo ankagwira ntchito ya tikiti: tsiku lililonse kapitawo ankalemba chizindikiro pa pepala lake, ndipo zizindikiro zikakwana ndiye ankalandira malipiro. Tsiku limene wagona ndi malungo tikiti sinkalembedwa. Mbumba inali kutali, ndipo m'tauni nkhuni zomwe zinali zogula.

Amene anapita kutali koposa, ku Salisbury kumene lero kumatchedwa Harare, ndi ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, ndiwo anamva kuwawa kwa umphawi wa abale. Mgodi unali ndi chipatala chake, koma chinkasamala munthu pokhapokha ali pa ntchito. Ambiri amene anagwidwa ndi chifuwa cha m'migodi anabwezedwa kumudzi kukadwalira komweko. Chifukwa cha zimenezi, makamaka pa nyengo ya mliri wa fuluwenza wa 1918 umene unapha anthu osawerengeka, amachona anayamba kupangana mabungwe othandizana pa matenda ndi pa maliro. Limodzi lodziwika linali la Port Herald Burial Society, lotchedwa ndi dzina lakale la Nsanje. Mamembala ankasonkha mwezi ndi mwezi, mlembi nasunga buku la maina. Tinganene kuti bukulo linalowa m'malo mwa mbumba. Koma mbumba ya m'buku ili ndi khomo, ndipo palibe bungwe lotere limene likanakhala moyo likanamalandira munthu wobwera ndi sheleni yake m'mawa wa tsiku la maliro.

Masamu a thumba

Chifukwa chake chimaoneka bwino ndi masamu a pa sileti. Wowerenga ayerekeze kuti anthu 100 apangana kusonkha K10,000 aliyense pa mwezi. Pa mwezi umodzi thumba lilandira K1,000,000, ndipo pa chaka lilandira K12,000,000. Ayerekezenso kuti m'chaka chimenecho anthu 10 adwala kwambiri, ndipo aliyense afunika K1,000,000 kuchipatala. Thumba litulutsa K10,000,000, ndipo zotsalazo zilipira mlembi ndi kusungira chaka chamawa. Odwala achira osagulitsa njinga kapena malata a nyumba, chifukwa anthu 90 amene sanadwale awanyamula.

Tsono ayerekeze kuti bungwelo lalola kuti munthu azilowa tsiku lomwe wadwala. Anthu 90 aja adzati, "Tivutikiranji kupereka tili bwinobwino? Tidzalembetsa zikadzativuta." M'thumba mudzatsala odwala 10 okha, amene zopereka zawo pa chaka ndi K1,200,000, pamene chipatala chikufuna K10,000,000. Thumba labooka. Limakhala moyo ndi ndalama za anthu amene sakudwala, ndipo mbiri yonse ya inshuwalansi ndi mbiri ya kufunafuna njira yosungira anthu athanzi m'kati.

Njira imene maiko a ku Ulaya anasankha inali ya lamulo. Ku Germany, mu 1883, nduna yaikulu Otto von Bismarck inakhazikitsa lamulo lakuti antchito a m'mafakitale azikhala m'thumba la matenda, afune asafune. Wantchito ankapereka magawo awiri, bwana wake gawo limodzi. Ku Mangalande, mu 1911, David Lloyd George anabweretsa lamulo lofanana nalo: mwamuna wantchito ankapereka makobiri 4 pa sabata, bwana makobiri 3, Boma makobiri 2. Pamene lamulo lalowetsa aliyense, tsiku lotsekera silifunika, pakuti palibe amene angadikire panja mpaka atadwala.

Njira ina inali ya pa ntchito. Mu 1889 kampani ya migodi ya De Beers ku Kimberley inayambitsa thumba la antchito ake, ndipo ndilo limawerengedwa loyamba ku South Africa. Ku Southern Rhodesia kunabadwa bungwe la CIMAS mu 1945. Mabungwe amenewa pachiyambi anali a Azungu. Munthu wakuda wokumba pansi sankawerengedwamo. Ku America nkhani inayamba ndi aphunzitsi, chimene sichidabwitsa aliyense wodziwa malipiro a mphunzitsi. Mu 1929 chipatala cha Baylor mu mzinda wa Dallas, chitatopa ndi ngongole za odwala, chinapangana ndi aphunzitsi a mumzindamo kuti aliyense azipereka masenti 50 pa mwezi, ndipo akadwala azigona m'chipatala mpaka masiku 21 pa chaka osalipira. Ubwino wa gulu la pa ntchito ndi wakuti anthu sanasonkhane chifukwa cha matenda. Anasonkhana chifukwa cha ntchito, ndipo m'kati mwawo muli athanzi ndi ofooka mosakanikirana.

Gulupu ndi tiki

Pa 5 July 1948 Boma la Mangalande linapitirira apo, nilikhazikitsa chithandizo cha kuchipatala chaulere kwa munthu aliyense, cholipiridwa ndi msonkho. Pa nthawiyo m'dera la Harlesden mu London munali dotolo wina wochokera ku Kasungu, dzina lake Hastings Kamuzu Banda, ndipo anagwira ntchito pansi pa dongosolo limeneli. Anaona ndi maso ake mmene anthu osauka, amene kale ankaopa kuitana dotolo, anayambira kubwera ndi matenda awo poyera.

Kuno kwathu zinthu zinali zina. Zipatala za Boma zinali zogawa anthu potsata khungu, ndipo Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, nkhani za zaumoyo zinapita m'manja mwa Boma la ku Salisbury. M'masiku amenewo, mu 1958, munatsegulidwa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth pakati pa Blantyre ndi Limbe, matauni awiri amene anali atangophatikizidwa mu 1956. Azungu ankachitcha Group Hospital, ndipo pakamwa pa anthu dzinalo linasanduka Gulupu, monga likumvekera mpaka lero m'maminibasi a ku Ginnery Corner. Chaka chomwecho, pa 6 July, Dotolo Banda anatera pa Chileka, ndipo posakhalitsa anatsegula nyumba yoonera odwala ku Limbe.

Ufulu unabwera pa 6 July 1964. Koma pasanathe miyezi iwiri m'Boma latsopano munabuka mkangano waukulu, ndipo chimodzi mwa zoyambitsa zake chinali kandalama kakang'ono kotchedwa tiki, ndiko kunena makobiri 3. Dotolo Banda anafuna kuti wodwala azipereka tiki pa chipatala cha Boma. Nduna zake zinakana. Zinati anthu akumudzi anamenyera ufulu poyembekeza kuti katundu wawo apepuka, ndipo tsopano akuuzidwa kulipira pamene kale sankalipira. Panali madandaulo enanso, monga malipiro a antchito a Boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko, ndi ubwenzi ndi Apwitikizi. Kumapeto kwa August ndunazo zinalemba madandaulo awo ku Kuchawe pa phiri la Zomba. Pa 7 September Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo, Henry Chipembere nawatsatira pambuyo pake. Ambiri a iwo anathawira kunja, ndipo ena sanalionenso dziko lawo.

Ndi chinthu chopatsa maganizo kuti munthu amene anachiritsa amphawi a ku London kwaulere ndiye anafuna tiki kwa amphawi a kwawo. Mwina anaona kuti dziko losauka silingathe zimene Mangalande anatha. Koma tikiyo sinakhalitse, ndipo kuchokera m'zaka zimenezo zipatala za Boma zakhala zaulere kwa wodwala wamba, kupatula mawodi olipira amene munthu amasankha yekha. Ili ndilo thumba lalikulu koposa m'Malawi. Aliyense amasonkhamo kudzera m'misonkho, ngakhale pogula sopo ndi shuga, ndipo maiko ena amathiramo chithandizo chawo. Mwana wa ku Mbayani amalowamo tsiku lobadwa, monga zinalili m'mbumba. Lilibe fomu, lilibe nyengo yolembetsa.

Khomo lopapatiza

Thumba la aliyense linapezeka kuti ndi laling'ono poyerekeza ndi anthu olidalira. Kwa zaka zambiri boma la Blantyre linakhala lopanda chipatala chakechake cha pakati, kotero kuti odwala a ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni, akalephereka pa zipatala zazing'ono za kwawo, onse ankathera ku Gulupu pamodzi ndi otumizidwa kuchokera m'Chigawo chonse cha Kumwera. Matenda a Edzi atapezeka m'dziko muno mu 1985, mawodi anadzaza mpaka ena kugona pansi, ndipo mankhwala otalikitsa moyo sanayambe kuperekedwa kwaulere kufikira 2004. Amene anali ndi kangachepe anayamba kuyang'ana kwina. Chipatala cha Adventist chinali chitatsegulidwa kale mu 1974, cha Mwaiwathu chinatsegulidwa mu 1998, ndipo timakiliniki ta eni ake tinachuluka m'Limbe ndi m'makwalala a m'tauni.

Zipatala zolipira zimafuna thumba lolipira. Pofika m'zaka za m'ma 1990 dzina la Medical Aid Society of Malawi, kapena kuti MASM, limene likulu lake lili mu Blantyre, linali lodziwika kwa antchito a m'mabanki ndi m'makampani. Linagawa mamembala ake m'magulu monga Econoplan, Executive ndi VIP, potsata kukula kwa chopereka. Pambuyo pake panabwera mabungwe enanso. Koma ambiri amene ali ndi kakhadi anakalandira kudzera kwa abwana awo, ndipo ndi ochepa zedi. Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 aliwonse, okhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo anali mmodzi kapena awiri okha.

Nanga munthu wodzilemba yekha ntchito, monga mwini golosale ku Limbe, telala wa ku Chitawira, kapena mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande? Ameneyu amabwera yekha, wopanda gulu, ndipo bungwe silidziwa chimene chamubweretsa. Mwina ndi munthu woganizira za mawa. Mwina dotolo wamuuza kale dzulo kuti ali ndi chotupa. Pa iyeyu ndi pamene malamulo a nthawi amagwera ndi mphamvu yake yonse. Kuno kulibe tsiku limodzi lotsekera dziko lonse. M'malo mwake mabungwe amaika nyengo yodikira, imene kutalika kwake kumasiyana malinga ndi bungwe ndi mtundu wa chithandizo. Uchembere umakhala ndi nyengo yaitali, kuti mayi asalembetse ali kale ndi pathupi. Matenda amene munthu walowa nawo, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafunsidwa pa fomu, ndipo wobisa akadziwika bungwe limatha kukana kumlipirira. Ambiri amafunanso kuti mwana wobadwa kumene alembedwe m'masiku owerengeka, ndipo wokalamba amene sanakhalepo m'thumba salandiridwa mosavuta. Amene wadumphitsa zopereka, kakhadi kake kamaleka kugwira ntchito pa zenera.

Abale a ku Joni amadziwa malamulo ofanana nawo, koma kumeneko analembedwa m'lamulo la dziko la 1998. Bungwe silingakane munthu chifukwa cha matenda ake, koma lingamdikiritse miyezi 3 pa chithandizo chilichonse, ndi miyezi 12 pa matenda amene walowa nawo. Amene wayamba kulembetsa atapitirira zaka 35 angathe kuonjezeredwa chopereka, ndipo wochedwetsetsa amaonjezeredwa mpaka magawo 75 pa 100. Ku America ndiko kuli tsiku lotsekera lenileni. Lamulo limene Pulezidenti Barack Obama anasaina mu March 2010 linaletsa makampani kukana odwala, ndipo pofuna kuti anthu asamadikire mpaka atadwala, linaika nyengo imodzi pa chaka yolembetsa. Yoyamba inayamba pa 1 October 2013 nitha pa 31 March 2014. M'zaka zotsatira nyengoyo inafupikitsidwa, ndipo masiku ake akhala akusinthidwa ndi maboma otsatizana. Wophonya amadikira chaka china, pokhapokha atakhala ndi chifukwa chapadera, monga kukwatira, kubereka mwana, kapena kutaya inshuwalansi ya pa ntchito. Otere amapatsidwa masiku 60. Amalawi a ku Indiana ndi ku Texas amawerenga masiku amenewa monga mlimi awerengera mvula yoyamba.

Anansi a ku Zambia anatsata njira ya Bismarck. Lamulo lawo la 2018 linakhazikitsa thumba la dziko lonse, ndipo kuyambira mu 2019 wantchito amadulidwa gawo limodzi pa 100 la malipiro ake, bwana nawonjezera limodzi. M'Malawi nkhani yotere yakambidwa kangapo ku Unduna wa Zaumoyo, koma chopinga chake n'chakuti olandira malipiro a pa mwezi, amene angadulidwe mosavuta, ndi ochepa pakati pa alimi ndi ochita geni.

Poweruza mwachilungamo, lamulo la kudikira si nkhanza ya alembi. Popanda ilo thumba lingathe m'chaka chimodzi, monga masamu aja asonyezera. Koma linapangidwira munthu wa malipiro okhazikika, ndipo limapweteka amene ndalama zake zimabwera ngati mvula ya masiku ano. Mu January, pamene sukulu ikufuna fizi, munda ukufuna feteleza, ndipo chimanga chakwera mtengo, chopereka cha thumba ndicho chimayamba kusiyidwa, pakuti m'nyumba simunadwale munthu. Ndipo January yemweyo ndiye mwezi wa udzudzu. Kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mankhwala ogula kunja anakwera mtengo, ndipo mabanja ena amene anasonkha zaka zambiri anapezeka kuti sangathenso. Amene watuluka nadzabwerera pambuyo pake angathe kuuzidwa kuti ayambirenso kudikira, ngati mlendo.

Palinso munthu wina amene mbiri iyi imamfikitsa pamalo pomwe panaima wa m'migodi uja. Ndi amene wagwira ntchito zaka 30 pa kampani ya ku Makata kapena mu ofesi ya mu Victoria Avenue, nalandira kakhadi kudzera kwa abwana. M'zaka zonsezo anali wamphamvu, ndipo zopereka zake zinachiritsa ena. Tsiku lopuma ntchito likafika, ngati sanakonzeretu zopitiriza kupereka yekha, kakhadi kamatha pamodzi ndi ntchito, pa msinkhu umene mawondo, maso ndi mtima zayamba kufuna dotolo. Akapita kukalembetsa payekha amapeza kuti chopereka n'chachikulu kuposa penshoni, kapena kuti zaka zake zapitirira. Otere ambiri amadzuka m'mamawa ku Chilobwe kapena ku Machinjiri, natenga kabuku kawo ka kuchipatala, nakwera minibasi yopita ku Gulupu.